Chipolopolo Chachikulu ndi Mkondo wa Nsingo

Ku America kuli funso limene anthu wamba amakambirana monga momwe ife timakambirana za mbewu ya chimanga yoti tigule mvula ikayandikira. Funso lake ndi lakuti: kodi munthu agule pisitoli yanji ya chipolopolo chachikulu, yoti Loweruka azikaphunzirira kuwombera chandamale, ndipo masiku ena onse aziyenda nayo ataibisa m'chiuno? Malamulo aakulu a dziko lawo akhala akuwapatsa ufulu wosunga zida kuyambira mu 1791, ndipo pofika mu 2013 zigawo zonse 50 za dzikolo zidali zitatsegula njira yoti munthu aziyenda ndi mfuti yobisa. Kwathu ku Mchinji funso lotere lingamveke ngati nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Komabe ine ndikawerenga mbiri ya boma lathu ndimaona kuti nkhaniyi idadutsa pakhomo pathu pomwe. Maganizo akuti chipolopolo cha pisitoli chizikhala chachikulu adakhwimira m'nkhondo zonga imene idachitika kuseri kwa mapiri athu mu 1898, ndipo anthu amene chidawakulira adali a mtundu wa makolo athu.

Tiyambe tamvana za kukula kwa chipolopoloko. Amakuyeza potengera kukula kwa bowo la mpope wa mfuti. Akati pisitoli ndi ya .45, ndiye kuti bowolo ndi lochepera pang'ono theka la inchi, pafupifupi mamilimita 11. Akati ndi ya 9mm, ndiye kuti ndi mamilimita 9. Chipolopolo chachikulu chimalemera ndipo chimasiya bala lalikulu, koma mfuti yake imakankha dzanja mwamphamvu ikalira, imalemera, ndiponso imanyamula zipolopolo zochepa. Pisitoli yotchuka ya Colt M1911 imalemera kuposa kilogalamu imodzi ndipo kabokosi kake kamalowa zipolopolo 7, pamene Glock 17 ya 9mm ndi yopepuka ndipo imalowa 17. Choncho wofuna mfuti imodzi yochitira zonse ziwiri amakhala pakati pa njira: kulemera kumene kumamuthandiza kuti dzanja lisagwedezeke pophunzira ndi kumenenso kumaitukumula pansi pa malaya.

Mfuti idafika kuno Angerezi asanafike. Idabwera ndi amalonda Achipwitikizi ochokera ku Tete ndiponso Aswahili a kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo mtengo wake udali minyanga ya njovu ndi akapolo. Imeneyi ndiyo gogodela. Zambiri zidali mfuti zakale zimene asilikali a ku Ulaya adasiya kugwiritsa ntchito, zina za bowo la mamilimita pafupifupi 19, lalikulu kuposa la pisitoli zonse zimene tatchulazi. Mwini wake ankathira wonga kukamwa kwa mpope, kuikamo sanza ndi chipolopolo kapena tizidutswa ta zitsulo, kenaka ndi kutsinira ndi kandodo. Ikalira kamodzi ankayambiranso ntchito yonseyo, ndipo mvula ikanyowetsa wonga mfuti inkasanduka ndodo. Ngakhale zidali choncho, mfumu yokhala ndi mfuti zambiri ndi linga lolimba inkatha kudziteteza. Mwase wa ku Kasungu adalimba motero kwa zaka zambiri, mpaka pamene Angerezi adamugonjetsa mu December 1895.

Achewa a kwa Mkanda, kuno kwathu, sadachite mwayi wotere. Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba amene adawoloka Zambezi mu 1835, adakhazikika m'dera la Chipata cha m'ma 1870 ndipo adagonjetsa midzi yozungulira. Chodabwitsa n'chakuti adachita zimenezi osadalira mfuti. Katswiri wa mbiri yakale Giacomo Macola, m'buku lake la mu 2016 lotchedwa The Gun in Central Africa, adaonetsa kuti Angoni ankaidziwa bwino mfuti, ndipo zina ankalanda kunkhondo, koma ankainyoza mwadala. Kwa iwo ulemu wa mwamuna unkachokera pofika pafupi ndi mdani, chishango kumanzere, mkondo waufupi wobayira kumanja. Mnyamata ankakwera m'gulu lake la nkhondo, ngakhale adali wogwidwa kumene kuchokera ku mtundu wina, chifukwa cha zimene anzake adamuona akuchita maso ndi maso. Mfuti inkaphwanya dongosolo limeneli, poti wamantha wobisala kuseri kwa chulu akadatha kugwetsa ngwazi. Komanso pamaso pa gogodela mkondo sudali chida chopusa: nthawi imene mdani akutsinira wonga idali yokwanira kuti mnyamata wothamanga amufikire.

Kuthamanga kumeneku ndiko kudasowetsa tulo akuluakulu a asilikali a ku Ulaya, kuyambira kwa Azulu mpaka ku Sudan ndi kumalire a India. Ankadandaula kuti munthu wobwera ndi liwiro, mkondo kapena lupanga lili m'manja, sagwa msanga ndi chipolopolo chaching'ono; amafika kaye ndi kubaya, n'kufa pambuyo. Mu 1887 gulu la nkhondo la Angerezi lidasankha pisitoli ya Webley ya .455, yolowa zipolopolo 6, kuti ikhale ya akuluakulu ake. Mu 1898 adatulutsanso chipolopolo cha mfuti yomweyo chokhala ndi mphako kutsogolo, chophwanyuka chikalowa m'thupi, ndipo chidadziwika ndi dzina lakuti Manstopper, kutanthauza choimitsa munthu. Pamsonkhano wa mayiko ku The Hague mu 1899, pamene zipolopolo zophwanyuka zidaletsedwa pankhondo, nthumwi ya Angerezi idakana, ponena kuti n'zofunika polimbana ndi anthu amene iwo ankawatcha osatukuka. Aamerika nawonso adadandaula chimodzimodzi pomenyana ndi Amoro ku Philippines. Mu 1904 adayesa zipolopolo zosiyanasiyana pa ng'ombe ndi pa mitembo ya anthu, ndipo mu 1911 adasankha pisitoli ya .45 yopangidwa ndi John Browning, imene ndi Colt M1911 ija. Mfuti imene lero ena amaigula ngati chokometsera Loweruka idachokera ku funso la momwe angagwetsere munthu wonga Mngoni asanafike ndi mkondo wake.

Pamene Azungu ankakuza zipolopolo zawo, ankatsekanso njira yoti ife tipeze mfuti zamakono. Pangano la ku Brussels la mu 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zatsopano kwa Aafirika m'chigawo chachikulu cha Africa, n'kungolola zachikale zonga gogodela. Chaka chotsatira, wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, adapeza kwa Mpezeni chilolezo cha malo ndi miyala, chimene pambuyo pake chidagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mbiri idawanda kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Azungu a kampani atachuluka, anyamata a Chingoni motsogozedwa ndi Nsingo, mwana wa Mpezeni, adafuna kuwachotsa. Mu January 1898 asilikali adachokera kuno ku Nyasaland, ena Asikhi a ku India, ambiri Aafirika anzathu monga Atonga ndi Ayao, atanyamula mizinga ndi mfuti za chiwaya za Maxim zotha kulavula zipolopolo zoposa 500 pa mphindi imodzi. Nkhondo yeniyeni idatha m'masiku owerengeka. Nsingo adagwidwa ndi kuwomberedwa mu February 1898, ng'ombe zoposa 10,000 zidalandidwa, ndipo Mpezeni adasungidwa kwa pafupifupi chaka ku linga latsopano la Fort Manning, limene lidatchedwa dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Mfumuyo idamwalira mu 1900. Linga limenelo ndilo lidabala boma limene, titalandira ufulu, lidatchedwa Mchinji.

Chidagonjetsa Angoni chidali chiwaya. Pisitoli idali ndi ntchito ina: inkakhala palamba wa bwana, poyera, kuti aliyense aone mwini mphamvu. Kuyambira pamenepo mfuti za kuno zidagawika pawiri. Padali mfuti yoonekera, ya boma ndi ya asilikali ake, ndipo zidzukulu za ankhondo onyoza mfuti aja zidailandira polowa m'gulu la King's African Rifles, limene lidakhazikitsidwa mu 1902. Padalinso mfuti ya munthu wa kumudzi, imene inkayenera kulembetsedwa ndi kulipiridwa, apo ayi kubisidwa. Sindinganene kuti kusowa mfuti kudalibe mtengo wake. Cha m'ma 1930 mkango umodzi udapha anthu oposa 30 m'dera la Fort Manning m'miyezi yochepa, ndipo nguluwe ndi anyani sizinkafunsa chiphaso zisanalowe m'munda.

Agogo anga aamuna adali ndi gogodela imene inkakhala m'tsindwi, pakati pa udzu, ndipo anafe tinkaidziwa ngakhale palibe amene adatiuza. Idali yosulidwa kumudzi, mpope wake wochokera ku chitsulo cha galimoto. Mphwawo adali ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanzere, chifukwa inzake ya mfutiyo idamuphulikira atachulutsa wonga pofuna kuti igwetse nguluwe kamodzi n'kamodzi. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, “Agogo, bwanji simundiphunzitsa kuwombera?” Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, “Mdzukulu wanga, pita ukawerenge zala za agogo ako aang'ono, ukabwere undifunsenso.” Sindidabwerenso. Mfutiyo idachita dzimbiri momwemo, ndipo mmene nyumba inkafoleredwanso idali itasanduka chitsulo wamba.

Boma la Malawi lidapitiriza njira ya kulembetsa. Lamulo la mfuti la mu 1967 lidati munthu asagule kapena kusunga mfuti popanda chilolezo, ndipo chiphaso chake azichikonzanso chaka ndi chaka. Malamulo athu aakulu sadapatse nzika ufulu wosunga zida monga a ku America. Koma malire sadziwa kuwerenga malamulo. Mchinji idagundana ndi Zambia kumadzulo ndi Mozambique kumwera, ndipo kupatula chipata cha Mwami pali tinjira ta njinga tosawerengeka tolumikiza abale a mbali zonse. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira mu 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992, idathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni m'Malawi, ndipo idasiya mfuti za AK-47 zambirimbiri m'tchire ndi m'manja mwa asilikali osowa ntchito. Mu December 1993 asilikali athu adalanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniya adathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo.

Amene tidalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira chimene chidatsatira. Mfuti yolowa zipolopolo 30 inkakwana m'thumba la chimanga lomangidwa pakaliyala. Eni magolosale adayamba kutseka dzuwa lisanalowe, mazenera adavala zitsulo, ndipo mlimi wobwera kuchokera kokagulitsa fodya ankagona maso ali kukhomo. Imeneyo ndiyo mfuti yobisa imene ife tidaidziwa, ndipo sidateteze mudzi ndi umodzi womwe.

Chidachepetsa vutoli chidali kuchotsa mfuti m'manja mwa anthu. Mu 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique adayamba Operation Rachel, kufukula ndi kuphwanya zida zokwiriridwa. Chaka chomwecho bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba. Amisiri adadula zina mwa mfutizo n'kuwotcherera chosema chotchedwa Tree of Life, chimene chidaonetsedwa ku British Museum mu 2005. Ndipo mu August 2001, mumzinda wa Blantyre, atsogoleri a mayiko a SADC adasainirana pangano lothana ndi kufalikira kwa mfuti ndi zipolopolo.

Sindikunyoza mantha a wamalonda wa pa Kamwendo kapena pa Mkanda amene amayenda ndi ndalama zogulira soya ndi mtedza. Mantha akewo ndi enieni, ndipo akafuna mfuti njira yake ndi ya chilolezo. Koma akamva otsatsa malonda akutama chipolopolo chachikulu, adziwe kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Eni ake omwe adachisiya: asilikali a America adachoka pa .45 kupita pa 9mm mu 1985, ndipo bungwe la FBI lidabwerera pa 9mm cha m'ma 2015, litaona kuti antchito ake amalasa bwino ndi mfuti yosakankha kwambiri. Adziwenso kuti mfuti yobisidwa m'nyumba imapezedwa ndi mwana, imabedwa ndi wakuba, ndipo imakhala pafupi tsiku limene mwini wake wakwiya kapena waledzera.

Mwambo wa Ncwala, umene udaleka nkhondo ya 1898 itatha, udayambiranso mu 1980, ndipo umachitika mwezi wa February ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka pa Mwami kukavina ingoma ndi abale awo, atanyamula zishango ndi zibonga poyera, wapolisi wa pachipata akuona. Ndikawaona amandikumbutsa kuti makolo awo adafunsidwapo funso la chida choyenera mwamuna, ndipo adasankha chimene sichibisika ndiponso sichipha patali. Chisankhocho chidawagonjetsa pamaso pa chiwaya, koma ndi Nsingo amene zidzukulu zimamutchula mpaka lero, pamene dzina la Manning lidachotsedwa pachikwangwani cha boma lathu.