Dzina la Sapitwa ndi Kamangidwe ka Mau

Nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, imene inatalika mamita 3,002, makolo anaitcha Sapitwa. Dzinali ndi lalifupi, koma munthu akaliphwanya apezamo tizigawo tinai, ndipo kalikonse kali ndi ntchito yake. Kachigawo koyamba, sa-, kamakana. Kachiŵiri, -pit-, ndiwo muzu umene umamvekanso m'mau akuti pitani ndi anapita. Kachitatu, -w-, kamasonyeza kuti chinthu chikuchitidwa, monga m'mau akuti kukwatiwa. Kotsiriza, -a, kamatseka mneni. Motero m'dzina limodzi makolo anaikamo chenjezo lathunthu lakuti kumeneko anthu sapitako.

Akatsŵiri a zinenero analemba za kamangidwe kotere m'zaka za m'ma 1800. M'chaka cha 1862, Wilhelm Bleek, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Cape Town, anasindikiza buku lofananiza zinenero za kumwera kwa Africa. Iye anaona kuti zinenero zambiri zimasintha tanthauzo la dzina posintha kachigawo ka kumayambiriro, ndipo anazitcha Bantu, ndiye kuti anthu. M'Chicheŵa tsinde lakuti -nthu limabala munthu, anthu, chinthu, zinthu ndi kanthu. Bleek anagaŵa maina m'magulu naŵapatsa manambala.

Kuno ku Malaŵi, mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa buku lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso m'chaka cha 1929. M'chaka cha 1937, Mark Hanna Watkins anatulutsa buku la malamulo a Chicheŵa ku America. Amene ankamuuza mau ndi ziganizo anali Kamuzu Banda, pamene ankaphunzira ku Chicago.

Boma la Mulanje ndi malo abwino omvera nkhaniyi ndi makutu, pakuti kumeneko kunakumana Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ochuluka analoŵa ntchito m'minda ya tiyi. Eni ake amatcha chinenero chao Elomwe, pamene anansi ao amati Chilomwe. Tsinde ndi limodzi, koma kachigawo ka e- kamagwira ntchito imene chi- amagwira m'Chicheŵa. Ichi ndi chizindikiro cha ubale wakale wa zinenerozi.

Luso lomweli ndilo linalandira mau achilendo. Buku litafika ndi amishoni, anthu sanavutike: ambiri anakhala mabuku, laling'ono kabuku, lalikulu chibuku.

M'chaka cha 1968 Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira malamulo ake. Chilomwe sichinaloŵe m'kalasi, ndipo mabanja ambiri anasiya kulankhula nacho ana ao. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake lili ku Chonde m'boma lomweli, linayamba mu 2007 pofuna kutsitsimutsa chikhalidwe ndi chinenerocho.

Lero alendo amakwera Sapitwa chaka ndi chaka, koma dzina silinasinthe, ndipo mwana aliyense wodziŵa Chicheŵa angathe kulimasulira yekha. Maina a Chilomwe a midzi, mabanja ndi anthu ali ndi tizigawo taonso. Agogo odziŵa kuŵaphwanya akatha osauza adzukulu ao, mainawo adzatsala pakamwa, koma tanthauzo lake lidzapita nao kumanda.