Ophunzira Amene Anafunsa Akuluakulu za Nkhondo ya Chiwaya

Mwana wa sukulu akamva mawu oti chiwaya masiku ano amaganiza za mbatata yokazinga pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli. Kwa agogo a agogo ake mawuwa ankatanthauzanso mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Aphunzitsi akapereka ntchito yofufuza zimene asilikali anakumana nazo kunkhondo, ana ambiri amathamangira ku intaneti n'kubwerako ndi nkhani za ku France. Nkhanizo n'zoona ndithu, koma nkhondo yomweyo inadutsa kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo amene anaisenza pamutu anali anthu a m'midzi yomwe ino.

Zambiri zimene zikudziwika lero za anthu amenewa zinapulumutsidwa ndi ophunzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, mphunzitsi wa mbiri yakale wochokera ku America, ankaphunzitsa ku Chancellor College. Iye ndi ophunzira ake anayenda m'maboma ambiri kufunafuna nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo ndi maso. Mmodzi mwa ophunzirawo anali Yusuf Juwayeyi, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wofukula zinthu zamakedzana ndiponso kazembe wa Malawi ku United Nations. Anacheza ndi anthu oposa 100. Kuchokera m'macheza amenewo munatuluka buku la The Chiwaya War m'chaka cha 2000, ndipo mu 2021 mawu a nkhalambazo anasindikizidwa paokha m'mabuku otchedwa Chiwaya War Voices. Akale anati mawu a akulu akoma akagonera, koma mawu amagonera pokhapokha wina atawatola. Anyamata aja akanazengereza zaka 15 zokha, akanangoonetsedwa manda.

Mabuku a boma la atsamunda anasunga bwino mayina a akuluakulu a asilikali achizungu, masiku a nkhondo ndi kuchuluka kwa katundu. Amasonyeza kuti amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland analowa m'gulu la King's African Rifles, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Chimene mabukuwo sanena ndi momwe munthu ankachokera pakhomo pake. Nkhalamba zija n'zimene zinafotokoza. Ena anakopeka ndi malipenga, ng'oma ndi yunifomu pamene gulu loimba la asilikali linkadutsa m'midzi. Ena anatsata malipiro, poti msonkho wa nyumba unali utawapanikiza. Koma amtengatenga ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Mfumu inkauzidwa chiwerengero cha amuna oti ipereke, apolisi ankafika usiku, ndipo mwamuna akathawira kuthengo ankagwira mkazi wake mpaka iye atadzipereka. Anthu a ku Mulanje ndi Thyolo, amene ankalidziwa kale thangata la m'minda ya azungu, sanavutike kuizindikira ntchito imeneyi: linali thangata lomwe lija, longosintha malo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wamtengatenga ankasenza katundu woposa makilogalamu 20, wopanda nsapato, mvula ndi dzuwa zili pamsana, chakudya chili chosakwanira. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha amtengatenga ochuluka kuposa amene anaphedwa ndi chipolopolo. Wodwala panjira ankasiyidwa pomwepo, wopanda maliro, wopanda adzukulu omuika m'manda. Kwa munthu wokulira m'mwambo woti wakufa agone pakati pa abale ake, chilonda chimenechi chinali chachikulu kuposa njala.

John Chilembwe anaziona zimenezi zisanafike poipa. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake. Pa 23 January 1915 iye ndi omutsatira anaukira boma, ndipo pa 3 February anawomberedwa m'dera la Mulanje akulowera kumalire a Mozambique.

Nkhondo yeniyeni inayandikira Mulanje chakumapeto. Mu November 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'dziko la Apwitikizi. Mu July 1918 anagonjetsa adani ake ku Namacurra pafupi ndi Quelimane, kenako anabwerera chakumpoto. Pa 30 ndi 31 August anakumana ndi asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland pa Lioma, m'boma la Gurúè, chakum'mawa kwa Mulanje. Kumeneko Ajeremani anataya anthu ndi katundu wambiri, koma anapulumuka, ndipo anadzatula zida pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Lioma ndi dziko la Alomwe. Magulu onse awiri ankadya za m'nkhokwe za eni mudzi ndi kugwira amuna kuti asenze katundu, ndipo zimenezi zinawonjezera pa nkhanza zimene zinkawachititsa Alomwe kuwolokera ku Mulanje. Mwana wa Chilomwe amene akufufuza za nkhondoyi akufufuzanso za ulendo wa banja lake.

Obwerako anapeza mliri wa fuluwenza, umene unalowa m'dziko kumapeto kwa 1918. Anabweretsanso perete wa chisilikali, amene analimbitsa magule monga beni, malipenga ndi mganda. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Amtengatenga ambiri alibe mwala uliwonse wonena za iwo.

Wophunzira wa lero sangapezenso mboni ya Nkhondo ya Chiwaya, ndipo ngakhale amene anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944 atsala pang'ono kutha. Koma alipo asilikali opuma amene analondera njanji ya Nacala kuyambira 1987, ndiponso amayi ndi abambo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique n'kufikira pa Muloza mtendere wa 1992 usanabwere. Munthu wotere safunsidwa choimirira ngati wa kalembera. Mwana amaodira, amakhala pansi, amapereka moni ndi kudzitchula kuti ndi wa kwa yani. Funso loti anapha anthu angati n'lachipongwe, ndipo limatseka pakamwa. Amayamba ndi kufunsa zimene ankadya, amene anamusiya pakhomo tsiku lonyamuka, ndi amene anamuchingamira pobwera. Mkuluyo akakhala chete pakati pa nkhani, mwanayo aike cholembera pansi, adikire.