Galu Wochokera M'dzenje: Mbiri ya Pit Bull ndi Nthano Yakuti Ndi Mlezi wa Ana



Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu timauphera munthu wachikulire amene walimbikira chinthu chifukwa pali chimene waona. Lero tiutembenuze, tiyang'ane galu weniweniyo. Galu wamtundu uliwonse ali ndi chimene amakandira, ndipo kawirikawiri chimenecho anachidzala mwa iye ndi anthu, posankha agalu oti aswane mibadwo ndi mibadwo. Galu amene ndikufuna timudziwe ndi pit bull, amene ena a inu mwamuona ku Britain ndi ku Joni, ndipo masiku ano akupezekanso kuseri kwa mipanda ya njerwa mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Ena amati ndi chilombo. Ena amati ndi mlezi wa ana. Mbiri yake ikutsutsa magulu onse awiri, koma bodza lachiwirilo ndilo loopsa, chifukwa limagonetsa makolo tulo.

Tiyambe ndi dzina, monga tinkachitira m'kalasi. M'Chingerezi, bull ndi nkhunzi, ndipo pit ndi dzenje. Mawu awiriwa ndiwo mbiri yonse ya galuyu mwachidule.

Ku England, kumene makolo athu ankati ku Mangalande, kunali masewera amene anakhala zaka mazanamazana. Ankamangirira nkhunzi pa chikhomo pakati pa bwalo, kenaka n'kumaikhwirizira agalu. Ntchito ya galu inali kukwawa chamimba, kulumphira mphuno ya nkhunziyo, kuiluma ndi kukakamira pomwepo. Nkhunzi inkapukusa mutu, kumuponya m'mwamba, kumuponda ndi ziboda, koma galu wotamandika anali amene sanataye. Anthu ankabetcherana ndalama. Ankakhulupiriranso kuti nyama ya nkhunzi yozunzidwa chotere imafewa, moti m'matauni ena munali malamulo olipiritsa wogulitsa nyama amene wapha nkhunzi asanaiponyere agalu. Agalu a ntchito imeneyi ndiwo ankatchedwa bulldog. Taonani, adzukulu: anthu amene anadzatiuza kuti miyambo yathu ndi yachikunja, kwawo kunali zotere.

Si onse anakondwera nazo. Mu 1800 nkhani yothetsa masewerawa inafika ku Nyumba ya Malamulo, koma aphungu anaikana. Mu 1824 kunabadwa bungwe loteteza nyama ku nkhanza, limene lero limadziwika kuti RSPCA. Pomaliza, mu 1835, lamulo lotchedwa Cruelty to Animals Act linaletsa kumenyanitsa agalu ndi nkhunzi kapena zimbalangondo, komanso kumenyanitsa agalu okhaokha.

Lamulolo linapulumutsa nkhunzi koma silinathetse juga. Nkhunzi siibisika, imafuna bwalo ndi khamu la anthu, ndipo wapolisi amaimva ili kutali. Agalu awiri amabisika m'chipinda chapansi pa nyumba yomweramo mowa. Motero masewera analowa m'dzenje, kabwalo kakang'ono kotchingidwa ndi matabwa. Kumeneko bulldog anali wolemera ndi wochedwa, choncho anamukweretsa ndi tiagalu tachangu tosaka makoswe, totchedwa terrier. Chotuluka chake chinali galu wa mphamvu za bulldog ndi liwiro la terrier. Kusakaniza kumeneku kunali kutayamba kale lamulo lisanabwere: mu 1823, pa dzenje la Westminster mu London, galu wina dzina lake Billy anapha makoswe 100 m'mphindi zisanu ndi theka, anthu akuwombera m'manja. Kudera la Staffordshire ndi kufupi ndi Birmingham, anthu a m'migodi ya malasha ndi osula zitsulo anawakonda kwambiri agaluwa.

Apa ndi pofunika kuchedwapo. Kodi oweta aja ankafuna chiyani mwa galu? Sankafuna wouwa kwambiri, kapena wolondera pakhomo. Ankafuna galu wosabwerera m'mbuyo, woti ngakhale atathyoka mwendo, akamumasula athamangirenso mnzake. Wobwerera m'mbuyo sankaloledwa kuswa. Komanso mwini galu ankalowa yekha m'dzenjemo, kumunyamula ali magazi okhaokha ndi kumutsuka zilonda, kotero galu womvera dzanja la munthu anali wamtengo. N'chifukwa chake agalu ambiri amtunduwu ndi okonda anthu modabwitsa, onyambita ndi ogwedeza mchira, pamene kwa agalu anzawo sachedwa kuyambana nawo. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo zinachokera m'dzenje limodzi. Zakuti nsagwada zake zimadzikhoma ngati loko ndi nthano chabe. Chibwano chake chinapangidwa monga cha galu wina aliyense. Chimene chimakhoma ndi mtima wake wosafuna kutaya chimene wagwira.

M'zaka za m'ma 1800 anthu osamuka ku England ndi ku Ireland anapita nawo agaluwa ku America. Kumeneko ena anapitiriza kumenyana m'maenje, ena anakhala agalu a pafamu, ogwira nkhumba ndi ng'ombe zolusa. Mu 1898 Chauncey Bennett anayambitsa United Kennel Club, n'kuyamba kuwalemba m'kaundula ndi dzina la American Pit Bull Terrier. Mu 1935 Kennel Club ya ku Britain inavomereza mbale wake wamng'ono, Staffordshire Bull Terrier. Mu 1936 American Kennel Club inawalandiranso, koma inakana liwu lakuti pit chifukwa cha fungo lake loipa, n'kuwatcha Staffordshire Terrier. Mu 1972 anawonjezera liwu lakuti American kutsogolo. Kusintha dzina sikusintha magazi, koma kunathandiza galuyu kulowa m'nyumba za anthu olemekezeka. M'mafilimu a ana otchedwa Our Gang munali galu wamtunduwu, Petey, wokhala ndi mzere wozungulira diso, ndipo ana a ku America anakula akumukonda.

Tsono tifike pa nkhani ya ulezi. Mukatsegula intaneti mupeza zithunzi zakale za makanda atakhala pambali pa pit bull, ndi mawu akuti kale azungu ankasiyira agaluwa ana awo kuti awalere. Ofufuza mbiri sanapeze mawu otere m'zolembedwa za m'zaka za m'ma 1800. Amaonekera mochedwa, makamaka mu 1971, pamene mayi wina wotsogolera bungwe la oweta Staffordshire Bull Terrier anauza nyuzipepala ya New York Times kuti galuyu amakonda ana ngati mlezi. Anali mawu a munthu wotamanda ziweto zake, monga wogulitsa mbuzi pamsika sanena kuti mbuzi yake imadya chimanga cha eni. Chithunzi chimangoonetsa mphindi imodzi, wojambula ndi makolo ataima pomwepo. Ndipo mbiri ili ndi chithunzi china chimene sichifalitsidwa. John Colby wa ku Newburyport, m'chigawo cha Massachusetts, anali mmodzi wa oweta otchuka koposa a agaluwa. Mu 1909, pakhomo pake pomwepo, galu wake anapha kamnyamata ka zaka 2, kachibale ka Colby yemweyo. Ngati zinachitika pakhomo pa katswiri, nanga kwa munthu amene wangogula kagalu m'mbali mwa msewu?

Mbiri yabwino ija inatembenuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mu 1976 boma la America linakhwimitsa lamulo loletsa kumenyanitsa agalu, nyuzipepala zinalemba zambiri za ukali wa pit bull, ndipo zotsatira zake zinali zachilendo: anyamata ofuna kuopedwa ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo anayamba kumufuna galuyu chifukwa cha mbiri yoipayo. Anamuswetsa mwachisawawa kuseri kwa nyumba, kumumanga pa tcheni ndi kumumenya kuti aluse. Mu 1987 magazini ya Sports Illustrated inaika pachikuto pit bull ataonetsa mano. Mu 1989 mzinda wa Denver unamuletsa. Ku Britain, mu 1991, kamtsikana ka zaka 6 katavulazidwa koopsa ku Bradford, nduna ya za m'dziko Kenneth Baker inathamangitsa lamulo la Dangerous Dogs Act, loletsa mitundu inayi: Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro.

Kodi kuletsa kunathandiza? Maiko sanagwirizane. Dziko la Netherlands linaletsa pit bull mu 1993, koma mu 2008 linalengeza kuti likuchotsa lamulolo poona kuti kulumidwa kwa anthu sikunachepe. Anthu a ku Denver anavota mu 2020 kuti chiletso chawo chifewetsedwe. Britain inalowera kwina. Mu 2014 inakulitsa lamulo kuti ligwire ntchito ngakhale galu ataluma munthu m'nyumba ya mwini wake, ndipo chilango cha mwini galu amene wapha munthu chinakwera kufika zaka 14 m'ndende. Kenaka kunabuka mtundu wina waukulu wochokera ku magazi omwewo, XL Bully, ndipo kuyambira pa 1 February 2024 ndi mlandu kumusunga ku England ndi ku Wales popanda chikalata chapadera. Wololedwayo ayenera kuthenedwa, ndipo poyenda naye pagulu akhale pa chingwe, kukamwa kuli kophimbidwa. Adzukulu amene muli kumeneko, musamutengere mnzanu galu wotere kuti mumusungire musanaone chikalatacho. Ku South Africa nako, mu 2022, ana angapo ataphedwa ndi agaluwa ku Gqeberha ndi ku Bloemfontein, anthu oposa 100,000 anasaina pempho lakuti boma liwaletse. Kumeneko lamulo la 1993 limalola khoti kutsekera mpaka zaka ziwiri munthu amene chiweto chake chavulaza wina chifukwa cha kusasamala kwake. Abale athu ambiri ogwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi za m'nyumba ku Joni ndiwo amadyetsa agalu otere tsiku ndi tsiku, eni ake ali kuntchito.

Manambala akuti chiyani? Kafukufuku wofalitsidwa ku America mu 2000 anaona imfa 238 za pakati pa 1979 ndi 1998, napeza kuti agalu amtundu wa pit bull pamodzi ndi Rottweiler anakhudzidwa ndi zoposa theka. Amene amati mtundu ulibe kanthu ayenera kuwayang'ana manambala amenewa osaphethira. Galu wamng'ono akalakwa, mwana amasokedwa. Galu wamphamvu wosataya akalakwa, pamakhala maliro. Koma kafukufuku wina wa mu 2013, wa imfa 256 za pakati pa 2000 ndi 2009, anafunsa funso lina: kodi zinthu zinali bwanji pakhomopo? Pa imfa 100 zilizonse, 87 zinachitika popanda munthu wamphamvu woti n'kuleretsa. Pa 84 galuyo anali wosathena. Pa 76 anali galu wosungidwa payekha, wosazolowera kukhala ndi anthu. Kwa ine manambala achiwiriwa ndiwo olemera, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chili m'manja mwa mwini galu.

Umboni wina unachokera kumalo osayembekezeka. Mu 2007 apolisi a ku Virginia anapeza malo omenyanitsira agalu a Michael Vick, katswiri wa mpira wa ku America, amene pambuyo pake analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 23. Kale agalu ogwidwa m'malo otere ankaphedwa onse. Ulendo uno khoti linalola kuti aliyense ayesedwe payekha. Mmodzi yekha ndiye anaphedwa chifukwa cha ukali. Agalu 47 anapulumuka, ambiri n'kukakhala m'mabanja. Koma dziwani kuti anawalandira anali akatswiri oleza mtima, ndipo ena mwa agaluwo anakhala m'malo osungira nyama moyo wawo wonse.

Kwathu kuno galu wa kumudzi amakula pakati pa anthu. Amagona pakhonde, amadya mkute, amaperekeza ana kudambo ndi akulu ku uzimba, ndipo amadziwa aliyense wa m'mudzimo. M'tauni tachita zosiyana. Timagula galu wamphamvu poopa akuba, timamutsekera m'kakhola usana wonse padzuwa, ena amamupatsa tsabola kapena chamba kuti aluse, kenaka usiku timamumasula. Ameneyu ndi galu uja wa pa 76. Tsiku lina geti limaiwalika, kapena mwana wa mnansi amakwera mpanda kutsata mpira, ndipo galu sadziwa kusiyanitsa mwana ndi mbala. Walira mvula walira matope: wofuna pit bull wafunanso mpanda wosadumphika, geti lokhoma, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto kukamuthena, ndi nthawi yoyenda naye ndi kumuzoloweza anthu akali kagalu.

Za ana ndinene mosapsatira. Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu wamphamvu, ngakhale galuyo anabadwira pakhomopo, ngakhale mayi akungopita kukafulula mphika. Nkhope ya mwana ili pa msinkhu wa kamwa la galu, n'chifukwa chake ana amalumidwa kumaso ndi m'khosi, ndipo kawirikawiri amalumidwa ndi galu amene amamudziwa. Aphunzitseni kuti galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, sakhudzidwa. Sakweredwa pamsana, sakokedwa mchira, sakumbatiridwa m'khosi. Inu akulu phunzirani chilankhulo chake. Galu akamayasamula popanda tulo, kunyambita milomo, kutembenuzira mutu kumbali, kapena kuuma thupi lonse ngati mtengo, akunena kuti zamukwana. Chotsani mwanayo nthawi yomweyo. Akabangula musamumenye, chifukwa galu womenyedwa pochenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza. Ndipo galu wachilendo akamuthamangira mwana panjira, mwanayo asathawe kapena kukuwa. Aime chilili, manja atawapinda pachifuwa, maso pansi. Akagwetsedwa adzipinde ngati bongololo, mawondo pamimba, manja ataphimba makutu ndi khosi, mpaka wamkulu afike.