Mbiri ya Boma la Feira

Anthu ambiri a ku Kanyama, Matero ndi Chawama amagula masau ndi nsomba zouma za ku Luangwa, koma dziko locokera zinthuzi salidziwa bwino. Dzikoli liri kum'mawa kwa Lusaka, pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Ndi cigwa cotentha, mvula ndi yocepa, ndipo njobvu zimaononga minda kawirikawiri.

Kale malowa anali kuchedwa Feira, liu la Cipwitikizi lotanthauza msika, cifukwa Apwitikizi anamanga kuno ndi ku Zumbo m'zaka za m'ma 1700 nayamba kugula golidi ndi minyanga. Mu November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. David Livingstone podutsa mu 1856 anapeza Apwitikizi atacoka. Panatsala mabwinja a chalichi ndi belu losweka. Pambuyo pace kunabuka atsogoleri a Acikunda, Kanyemba ndi Matakenya, amene anasautsa anthu pogwira akapolo.

Malire anadulidwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Eni ace dziko sanafunsidwe, cotero anthu a mtundu umodzi anagawikana, ena tsidya lino, ena tsidya lija. Kufikira lero abale amaoloka pa bwato kukalira maliro ndi kukagulitsa nsomba. Kukhala m'malire kunadzetsanso tsoka, pakuti mu March 1978 asilikari a Rhodesia anathira nkhondo pa Kavalamanja, ndipo anthu ambiri anathawa m'midzi mwao.

Dzina la Feira linasinthidwa pambuyo pace kukhala Luangwa. Boma limeneli liri m'cigawo ca Lusaka, ndipo nchito za misika ndi miseu ziyendetsedwa ndi khonsolo. Koma za minda ndi mirandu ya m'midzi ziri m'manja mwa mafumu awiri, Mburuma wa Ansenga ndi Mphuka wa Acikunda. Ana obadwira m'makomboni ayenera kudziwa zimenezi, cifukwa wofuna munda kwao ayamba wapita kwa nyakwawa ndi kwa mfumu, ndipo kumeneko amfunsa dzina la mudzi wa makolo ace.