Woloza chala anali mmodzi, lero tikuthamangira kukhoti

Nyengo ya zisankho zachipulula ikafika, mawu akuti "chiletso" sasowa pa wailesi. Anzanga ena amati ndale zaonongeka. Ine sindivomereza msanga, chifukwa kwathu ku Kasungu kudachokera munthu amene nthawi yake kudalibe wokasuma.

Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, MCP m'maboma inkapereka mayina, koma mawu omaliza anali ake. Mu 1971 ndi mu 1976 anthu sadaponye n'komwe voti yosankha aphungu, poti wolozedwa chala ankalowa wopanda wopikisana naye. Mu 1978 mpikisano udayamba, koma mkati mwa chipani chomwecho, ndipo ofuna uphungu ankayenera kukhoza mayeso a Chingerezi. Wokanidwa akadakadandaula kwa yani?

Ndale za zipani zambiri zitabwera, mkangano udasamukira m'mabwalo a milandu. Mu Epulo 2008, msonkhano waukulu wa UDF udasankha Bakili Muluzi, yemwe adagonjetsa Cassim Chilumpha, ngakhale aliyense ankadziwa kuti gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko limalola materemu awiri otsatizana. A Muluzi ankati munthu akapumulako akhoza kubwereranso. Bungwe la MEC lidawakana mu Malichi 2009, ndipo khoti lidagwirizana ndi MEC pa 16 Meyi, kutangotsala masiku atatu kuti anthu avote. Chipani chomwe chidalamula zaka khumi chidapita kuchisankho chopanda munthu wake pa mpando wa pulezidenti, n'kukhalira kumbuyo John Tembo wa MCP. Khoti lidaweruza bwino, koma funsolo lidayenera kuyankhidwa nthumwi zisanavote.

Mu 2024 zidayendako mwina. Akuluakulu a MCP adaika lamulo lotsekereza mamembala atsopano kupikisana pa maudindo, khoti n'kulithetsa msonkhano waukulu usanachitike.

Chimene chimandivuta n'chakuti amene amafika kukhotiko ndi okhawo okwanitsa kulipira loya. Ndipo sefa ya 1978 ija idakalipo: gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama, amene watsogolera kalabu zaka zambiri, amadziwa za ngongole ya feteleza ndi mitengo ya ku okushoni ku Chinkhoma kuposa maloya onsewo. Iyeyo amagwa asanalembetse n'komwe dzina, ndipo alibe choti akasumire, poti chomuletsacho chili m'malamulo aakulu a dziko momwemo.