Kutumiza deta mu Git

Git ndi pulogalamu ya pakompyuta yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, makamaka a anthu olemba mapulogalamu. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu Epulo 2005 pofuna kuyendetsera ntchito ya Linux, ndipo kuyambira mu Julayi chaka chomwecho amene amaiyang'anira ndi Junio Hamano. Munthu akalamula git fetch kapena git push, ntchitoyo sigwiridwa ndi pulogalamu imodzi. Git imadzutsa timapulogalamu tingapo, tina kumbali yotumiza tina kumbali yolandira, ndipo timalankhulana kudzera m'mapaipi.

Process ndi paipi

Process ndi pulogalamu imene ikuyenda pakompyuta pa nthawiyo. Mu Unix ndi Linux, process nthawi zambiri imayamba ili ndi makomo atatu: lolowera deta la nambala 0, lotulukira deta la nambala 1, ndi la mauthenga a zolakwika la nambala 2. Paipi ndi kanjira kolumikiza khomo lotulukira la process ina ndi khomo lolowera la inzake. Ganizoli analemba ndi Douglas McIlroy wa ku Bell Labs mu 1964, ndipo Ken Thompson analiika mu Unix mu 1973.

Dzinali ndi loyenera ndithu. Monga madzi amene Blantyre Water Board imapopa ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire amangolowera kumzinda osabwerera, deta ya m'paipi imayenda mbali imodzi, ndipo choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Kuti mapulogalamu awiri azifunsana ndi kuyankhana pamafunika mapaipi awiri. Pa Linux paipi imasunga mabayiti 65,536 ngati siinasinthidwe. Ikadzaza, wolemba amadikira. Ikakhala yopanda kanthu, wowerenga ndiye amadikira.

Kukoka deta

Mwachitsanzo, wolemba mapulogalamu amene ali mu ofesi ku Maselema mumzinda wa Blantyre akufuna kukoka zatsopano pa seva imene ili ku Johannesburg kudzera mu SSH. Git yake siimba ku seva yokha. Imadzutsa pulogalamu ya ssh ngati process ina, n'kuilumikiza ndi mapaipi awiri, n'kuiuza kuti ikafika ku seva ikayendetse git-upload-pack. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene Git ya ku Maselema yalemba m'paipi chimakatulukira pa khomo lolowera la upload-pack, ndipo mayankho amabwera m'paipi inayo. Nkhani ya makiyi, kubisa deta ndi netiweki yonse ndi ya ssh. Git sizidziwa n'komwe.

Mu protocol yoyamba, kukambirana kwake kumayamba ndi seva, imene imatchula nthambi zimene ili nazo ndi nambala ya commit imene nthambi iliyonse yaimapo. Wokoka amatumiza mizere yoyamba ndi mawu akuti want, kutchula zimene akufuna, kenako mizere ya have, kutchula zimene ali nazo kale. Seva ikazindikira commit imene onse awiri ali nayo imayankha ACK, ndipo wokoka amamaliza ndi done. Phindu la kukambiranaku ndi loti zimene zilipo kale sizitumizidwanso, nkhani yaikulu kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake.

Apa upload-pack imadzutsa process inanso, pack-objects, imene imasonkhanitsa zosowazo n'kuzifinya kukhala mtolo umodzi wotchedwa packfile. Kumbali yolandira, mtolowo umatsanuliridwa m'paipi yopita ku index-pack, kapena ku unpack-objects ngati zinthu zake sizikufika 100. Pokankha deta ndi git push dongosolo ndi lomwelo, kungoti otenga mbali ndi send-pack ndi receive-pack.

Kalembedwe ka mauthenga

Paipi siidziwa pamene uthenga wayambira kapena kuthera. Imangonyamula mabayiti motsatizana. Choncho Git imayamba mzere uliwonse ndi zizindikiro zinayi za hexadecimal zonena kutalika kwa mzerewo, kuwerengera ndi zinayizo. Kalembedwe aka amatchedwa pkt-line. Mawu akuti done amapita ngati 0009done: zinayi za kutalika, zilembo zinayi, ndi chizindikiro chimodzi chotsekera mzere. Mzere wa 0000 umatanthauza kuti gawo latha. Mzere umodzi sungapitirire mabayiti 65,520.

Pamene packfile ikubwera, paipi imodziyo imagawidwa patatu. Bayiti yotsatira zizindikiro zinayi za kutalika ikakhala 1 ndiye kuti ndi deta, 2 ndi uthenga wonena pamene ntchito yafika, 3 ndi vuto loimitsa zonse. Mizere yoyamba ndi mawu akuti remote imene imaoneka pa sikirini imachokera m'njira yachiwiriyo.

Njira zina

Chifukwa mbali ziwirizi zimangowerenga ndi kulemba pa makomo awo, chilichonse chonyamula mabayiti chingathe kukhala pakati pawo. Ngati zonse zili pakompyuta imodzi, Git imadzutsa upload-pack mwachindunji. Palinso git daemon, imene imamvetsera pa port 9418 koma siibisa deta. HTTP ndiyo inavutirapo, popeza imayenda mwa funso limodzi yankho limodzi. Git 1.6.6 ya mu 2009 inabweretsa njira yodula kukambiranako m'mafunso angapo, ndipo ntchitoyo imagwiridwa ndi process yothandiza, git-remote-https, imene Git imalankhula nayonso pa mapaipi. Mu 2018, Git 2.18 inabweretsa protocol yachiwiri imene imalola wokoka kufunsa za nthambi zokhazo zimene akufuna.

Zofooka

Kuphweka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Ngati fayilo yoyambira shell pa seva, monga .bashrc, ikusindikiza mawu a moni, mawuwo amalowa m'paipi yomweyo. Git imawerenga zilembo zinayi zoyamba ngati kutalika kwa mzere, imalephera, n'kuima ndi uthenga wakuti bad line length character. Cholakwa chimaoneka ngati cha Git pamene chili cha moniyo.

Chofooka chachikulu ndi chakuti git clone ikadukira panjira siipitiriza pamene inalekera. Packfile imapangidwa pa nthawi yomweyo ikamafunsidwa, ndiye netiweki ikaduka kapena magetsi akathima, paipi imatsekeka, index-pack imadandaula kuti early EOF, ndipo zonse zimene zinafika zimatayidwa ngakhale zinatsala pang'ono. Kumalo a intaneti yodukaduka anthu amazemba vutoli ndi git clone --depth 1, imene imakoka commit yomaliza yokha, n'kumawonjezera mbiri pang'onopang'ono ndi git fetch --deepen. Njira ina ndi git bundle, imene imalemba packfile ndi mayina a nthambi mu fayilo imodzi. Fayiloyo ingathe kukopedwa ndi pulogalamu yodziwa kupitiriza ikadukira, kapena kunyamulidwa pa flashi kuchoka ku ofesi kupita ku Ndirande kapena ku Bangwe, ndipo kumeneko git clone imaiwerenga ngati mmene ikanawerengera seva.