Mavairasi amafoola selo poononga gwero la mphamvu zake

Pamalire a Mchinji ndi Mwami, pomwe msewu wochokera ku Lilongwe umalowera ku Chipata m'dziko la Zambia, pamadutsa madalaivala a mathiraki ndi amalonda omwe amatha masiku ambiri ali kutali ndi kwawo. Kwa amene amamwa ma ARV, kutha kwa mankhwala ali paulendo si nkhani yamasewera. Chimodzi mwa zifukwa zake chili m'kati mwa maselo, m'tizigawo totchedwa mitochondria.

Tizigawoti ndi timene timasandutsa chakudya ndi mpweya wa okosijeni kukhala mphamvu, ndipo selo limodzi lachiwindi limakhala nato toposa 1,000. Tili ndi ntchito zinanso ziwiri. Pakhungu pake pali puloteni ya MAVS, yomwe asayansi adaitulukira mu 2005, imene imadzutsa chitetezo cha m'thupi vairasi ikalowa. Komanso selo likaonongeka kwambiri, tizigawo tomweti ndito timayambitsa imfa yake.

Vairasi siingaswane payokha, choncho imalanda selo, ndipo mavairasi ambiri amalimbana ndi mitochondria. HIV ili ndi puloteni ya Vpr yomwe imachititsa kuti khungu la tizigawoti lizidontha, selo n'kufa. Vairasi ya hepatitis C imadula MAVS, ngati mbala yoyamba kupha galu isanathyole nyumba. Ya hepatitis B, kudzera m'puloteni ya HBx, imachulukitsa zinthu zapoizoni zochokera ku okosijeni m'maselo achiwindi. Izi, pamodzi ndi kutupa kwa zaka zambiri, zimasiya zipsera m'chiwindi, mwinanso khansa.

Chodabwitsa n'chakuti Amalawi ambiri adamva ululu wa kuonongeka kwa mitochondria kudzera m'mankhwala. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ambiri ankamwa Triomune, momwe mudali stavudine. Mankhwalawa adapulumutsa miyoyo yochuluka, koma stavudine ankatsekerezanso enzaimu yomwe mitochondria amagwiritsa ntchito pokopera DNA yawo. Zotsatira zake zidali dzanzi ndi kuotcha kwa mapazi, kulowa kwa masaya, ndi kuchuluka kwa asidi m'magazi komwe nthawi zina kunkapha. Kuyambira 2011, dziko lino lidayamba kusamutsira anthu ku mankhwala okhala ndi tenofovir, kuyambira amayi oyembekezera, ndipo ena onse adatsatira mu 2013.

Apa ndi pomwe apaulendo ayenera kutcherapo khutu. Tenofovir ndi lamivudine amapondereza HIV ndi hepatitis B pamodzi, ndipo ambiri omwe ali ndi hepatitis B sadziwa kuti ali nayo. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kotero akuluakulu ambiri sadabayidwe. Munthu wa mavairasi awiriwa akadukiza mankhwala, hepatitis B imatha kudzuka mwamphamvu n'kutupitsa chiwindi. Maso achikasu, mkodzo wodera ndi kufooka kwambiri ndi zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, kaya ndi ku Mchinji kapena tsidya linalo ku Chipata.